Kosi ya SQL ya Loweruka mu tauni ya Mzuzu: zomwe K80,000 yanga inagula

Ndimasunga mabuku a ndalama pa holoselo ya amalume anga mu tauni muno. Timagulitsa shuga, mafuta ophikira, sopo, mchere, machesi, ufa wa mandasi, katundu yense uja wa m'magolosale ndi m'maokala. Shopu yaikulu ili chakumsika waukulu, ina yaing'ono ili ku Ekwendeni. Makasitomala athu ambiri sabwera ndi ndalama m'manja. Amatenga katundu lero, adzalipira akagulitsa, ena pang'onopang'ono, ena pakutha pa mwezi, ena mpaka uwaimbire foni katatu. Ndiye ntchito yanga yeniyeni ndi kuyankha funso limodzi lomwe amalume amafunsa Lolemba lililonse asanavule n'komwe jekete: "Mphwanga, ndani ali ndi ndalama zathu, ndipo ndi zingati?"

Kwa zaka zitatu funso limeneli ndinkaliyankha ndi Excel. Ndinali ndi mafayilo atatu, ya makasitomala, ya mainvoisi ndi ya malipiro, ndipo ndinkawalumikiza ndi VLOOKUP, lamulo la mu Excel lofufuzira chinthu m'fayilo ina, pogwiritsa ntchito dzina la munthu. Chomwe sindinkadziwa n'chakuti VLOOKUP ikangopeza dzina loyamba lofanana ndi lomwe ukufuna imaima pomwepo, kumunsi siyang'ananso. Wokhala kumpoto kuno aliyense akudziwa mmene a Mhango, a Gondwe ndi a Nyirenda alili ambiri. M'buku mwathu munali anthu anayi a mfunda umodzi, ndipo malipiro a m'modzi ankaoneka pa onse, ngongole za ena n'kumagwera pa mayi wina wa okala ku Chibavi amene sanachedwetsepo ndi tambala yomwe. Tsiku lomwe ndinawaimbira kuwakumbutsa ngongole yosakhala yawo anangoti, "Achimwene, ine ndakulakwirani chiyani?" Ndinapepesa mpaka mayunitsi kutha.

Mnzanga wina wa kutchalitchi, amene amagwira ntchito ku ofesi ina ku Katoto, ndiye anandiuza za malo awa. Ndi chipinda cha pamwamba pa nyumba ina ya mashopu mu tauni. Mkati mwa sabata amapanga fotokope, kutaipa makalata ndi kumanga mabuku a ana asukulu, Loweruka m'mawa amaphunzitsa makosi afupiafupi a kompyuta. Dzina lawo sindilitchula chifukwa ndili ndi madandaulo angapo, ndipo sindikufuna kuphera anyamata bizinesi pa zinthu zoti angathe kukonza. Kosi yomwe ndinalowa inali ya SQL, chiyankhulo cholembera mafunso ofufuzira zomwe zasungidwa m'matebulo pa kompyuta. Inali ya masiku anayi a Loweruka, kuyambira 8 koloko mpaka 12 koloko, K80,000 yolipiriratu. Amalume anapereka theka atang'ung'udza, theka ndinatulutsa m'thumba mwanga.

Ndiyambe ndi chipindacho. Makompyuta alipo asanu ndi atatu, ophunzira tinali khumi ndi m'modzi. Amene anabwera ndi laputopu anapulumuka, ena mwa otsalawo ankakhala awiriawiri. Mipando ndi yapulasitiki, ndipo zenera limodzi silitsekeka. Inali June, ndipo June wa ku Mzuzu mukumudziwa, nkhungu ndi kamvula kowaza kaja, zala n'kumakana kutaipa. Ine ndinakulira ku Dedza, kuzizira sikwachilendo kwa ine, komabe Loweruka lachiwiri ndinapita ndi magolovesi. Palibe tsiku lomwe tinayamba 8 koloko yeniyeni. Wosunga kiyi ankafika cha m'ma 8:30, aphunzitsi n'kumadikira nafe limodzi pa masitepe.

Aphunzitsiwo ndi mnyamata wocheperapo kwa ine ndi zaka mwina khumi. Amayankhula Chichewa, zikavuta amalowa Chitumbuka, mawu a kompyuta amangowasiya m'Chingerezi mwake. Ine ankanditchula kuti "achikulire," ine ndinkawatchula kuti "aphunzitsi," tonse n'kumaseka. Chinthu choyamba chomwe anachita bwino, ndipo ndi chomwe chandichititsa kulemba izi, n'chakuti anatiuza kuti aliyense abwere ndi mafayilo a kuntchito kwake. Sitinaphunzire pa mayina a anthu a ku America ogula njinga zomwe sitinazionepo. Mlongo wina wa ku famase anabwera ndi mndandanda wa mankhwala, bambo wina wa sukulu ya pulaimale yapulaiveti ku Luwinga anabwera ndi buku la fizi, ine ndi ngongole zanga.

Pulogalamu yomwe anatiikira ndi DB Browser for SQLite, yaulere, ndipo anatikopera pa fulashi popanda kuwononga bandulo ya munthu. Imeneyi ndi nzeru yabwino kwa ife kuno. SQLite, pulogalamu yosunga matebulo yomwe DB Browser imayendera, sifuna seva, sifuna intaneti, database yonse, kutanthauza matebulo ako onse pamodzi, imakhala fayilo imodzi yoti ukhoza kuitenga pa fulashi kupita nayo ku Ekwendeni. Anatiuza kuti anaiyambitsa ndi D. Richard Hipp m'chaka cha 2000, ndipo ili kale m'mafoni a Android ndi iPhone omwe tili nawo m'matumbamu. Kenaka anatha pafupifupi ola pa mbiri: Edgar Codd wa ku IBM amene mu 1970 analemba za kusunga zinthu m'matebulo olumikizana, Donald Chamberlin ndi Raymond Boyce amene anapanga chiyankhulo chomwe poyamba chinkatchedwa SEQUEL, ndi 1986 pamene SQL inakhazikitsidwa ngati muyezo ku America. Ndinkangoyang'ana wotchi. Pa kosi ya maola khumi ndi asanu ndi limodzi okha, ola lathunthu la mbiri ndi lambiri, ndipo ola limeneli tinadzalifuna tsiku lomaliza.

Koma pa ola lomwelo panatuluka mfundo yomwe inathetsa vuto la mayi a ku Chibavi aja. Chinthu chilichonse chilembedwe kamodzi, pamalo amodzi, ndipo chikhale ndi nambala yakeyake yosafanana ndi ina. Aphunzitsi anatulutsa chiphaso chawo cha unzika, chija tinalembetsa mu 2017, n'kunena kuti boma silidalira dzina, limadalira nambala. Kasitomala aliyense akhale ndi nambala, ndipo pa invoisi uzilemba nambalayo osati dzina. Akafuna dzina, kompyuta ikalitenge ku tebulo la makasitomala. Zimenezi ndi zomwe amati primary key ndi foreign key. Usiku wa tsiku limenelo ndi Lamulungu lonse ndinakhalira kupereka manambala kwa makasitomala 312 ndi kubwerera m'mainvoisi 4,100 kuti ndione kuti iyi ndi ya ndani kwenikweni. Ntchito imeneyi palibe kosi yomwe ingakuchitire.

Panalinso tizinthu tiwiri ta tsiku loyamba tomwe munthu wongowerenga yekha angapunthwe nato. Ukatulutsa fayilo mu Excel ngati CSV, mtundu wa fayilo wosamutsira zinthu ku pulogalamu ina, manambala a foni oyamba ndi 088 kapena 099 amakhala atataya ziro wa kutsogolo ngati kolamuyo inkatengedwa ngati ya masamu, ndiye kolamu ya foni uyiike ngati TEXT kuyambira pachiyambi. Madeti nawo, SQLite imawasanja bwino ukayamba ndi chaka, kenaka mwezi, kenaka tsiku, ngati 2024-06-15. Ukalemba mwachizolowezi chathu choyamba ndi tsiku, 02 July imabwera patsogolo pa 15 June chifukwa ikungoona zilembo.

Loweruka lachiwiri ndi lomwe tinafika pa nkhani yomwe ndinalipirira, kulumikiza matebulo. Funso langa loyamba linali ili:

SELECT makasitomala.dzina, mainvoisi.tsiku, mainvoisi.ndalama
FROM mainvoisi
JOIN makasitomala ON mainvoisi.kasitomala = makasitomala.nambala;

Aphunzitsi anafotokoza kuti mawu ofunika kwambiri pamenepa si JOIN koma ON. JOIN ikungonena kuti matebulo awiriwa akumane, ON ndiye nkhoswe yonena kuti uyu ndi wa uyu. Kuti timvetse anandiuza ndifufute mzere wa ON kuyambira pa liwu limenelo, ndiyendetsenso. SQLite sinadandaule. Laputopu inangoyamba kulira fani, kenaka inabweretsa mizere 1,279,200, kutanthauza invoisi iliyonse yaphatikizidwa ndi kasitomala aliyense, 4,100 kuchulukitsa ndi 312. Tsamba la Excel limathera pa mizere 1,048,576, ndiye chisokonezo chimenechi sichikanakwana n'komwe m'menemo. Kalasi yonse inaseka, aphunzitsi n'kuti, "Achikulire, ukwati wopanda ankhoswe ndi umenewo." Sindinaiwalenso ON.

JOIN wamba, yomwe dzina lake lonse ndi INNER JOIN, imangobweretsa mizere yomwe yapeza mnzake mbali zonse ziwiri. Kwa ine izi zinali zosakwanira, chifukwa anthu amene amalume amawafuna ndi aja amene mbali ina kulibe. Munthu anatenga katundu, invoisi ilipo, koma ku tebulo la malipiro sanaonekeko ngakhale kamodzi. INNER JOIN munthu wotereyu imamubisa mwakachetechete, ndipo lipoti limaoneka laukhondo ngati aliyense ndi wolungama. Apa ndi pomwe LEFT JOIN imalowera. Imasunga mizere yonse ya tebulo lomwe walitchula koyamba, lakumanzere, ndipo pomwe sipanapezeke mnzake imaikapo NULL.

SELECT mainvoisi.invoisi, mainvoisi.ndalama
FROM mainvoisi
LEFT JOIN malipiro ON malipiro.invoisi = mainvoisi.invoisi
WHERE malipiro.invoisi IS NULL;

Mizere inayi imeneyi inanditulutsira mainvoisi 57 omwe sanalipiridwepo kanthu. Ena anali atsopano, a sabata yomweyo, palibe vuto. Koma asanu ndi awiri anali a chaka chatha, ndipo awiri mwa iwo anali a munthu amene anasamuka ku Mchengautuwa kupita ku Karonga ife osadziwa. Mu Excel mainvoisi amenewa ankaoneka ngati olipiridwa chifukwa VLOOKUP inkawabwerekera malipiro a anzawo a dzina limodzi.

Pa NULL aphunzitsi anakhalitsapo, ndipo anachita bwino. NULL si ziro, komanso si mawu opanda zilembo. Ndi malo omwe palibe chodziwika. Ukalemba kuti kolamu = NULL supeza kanthu ngakhale mizere yotero ilipo zana, chifukwa chosadziwika sichingafanane ndi chosadziwika china. Uyenera kulemba IS NULL. Anatichenjezanso za msampha wina womwe bambo a sukulu aja anagweramo ife tikuona. Ankafuna ana onse pamodzi ndi fizi yomwe alipira teremu ino, ndipo anaika deti la malipiro mu WHERE, gawo la funso losefera mizere. Ana onse osalipira anazimiririka, poti deti lawo ndi NULL ndipo WHERE inawataya. LEFT JOIN yasanduka INNER JOIN iwo osadziwa. Mankhwala ake ndi kusamutsa lamulo la detilo kuliika mu ON, pomwe matebulo akukumanirana. Bamboyo anagwira kumutu, akuti ndiye chifukwa chake lipoti lomwe wina anawapangira linkaonetsa kuti sukulu yonse yalipira.

Tsopano dandaulo langa lalikulu, lomwe linatsala pang'ono kundiyambanitsa ndi amalume ndiponso ndi kasitomala wathu wamkulu. Nditachoka m'kalasi lachiwirilo ndinali ndi mphamvu ngati mwana woti wangophunzira kupalasa njinga. Ndinalumikiza matebulo onse atatu, ndinaika SUM, lamulo lophatikizira, pa ndalama za mainvoisi, SUM ina pa malipiro, GROUP BY pa kasitomala kuti aliyense atuluke pa mzere umodzi, n'kuchotsera. Lolemba ndinapereka pepala kwa amalume monyadira. Anayang'ana nambala ya pansi, anavula magalasi, anaivalanso. Ngongole zonse zinali pafupifupi kawiri kuposa zomwe tinkadziwa. Pamwamba penipeni panali bambo wa golosale yaikulu ku Zolozolo, munthu amene amalipira mokhulupirika mwa magawo, sabata ndi sabata. Amalume anatenga makiyi a galimoto. "Mphwanga, munthu uyu ndimadya naye mbale imodzi, angandichite zimenezi?" Chinawabweza n'chakuti mtima wanga sunakhazikike, ndinawapempha kuti andipatse ola limodzi ndione mainvoisi a bamboyo pamanja.

Vuto linali ili. Invoisi imodzi ya K450,000 inalipiridwa katatu, K150,000 ulendo uliwonse. Ukalumikiza tebulo la mainvoisi ndi la malipiro, invoisi imeneyi imaoneka pa mizere itatu, mzere umodzi pa malipiro aliwonse, ndipo pa mzere uliwonse pamalembedwa K450,000 yonse ija. SUM sidziwa kuti ndi invoisi imodzi. Imangophatikiza zomwe yaona, n'kupeza K1,350,000. Malipiro ikupeza K450,000, molondola. Ndiye munthu amene anamaliza ngongole yake yense akuoneka kuti watsala ndi K900,000. Choipa kwambiri n'chakuti cholakwikachi chimalanga anthu abwino. Wolipira kamodzi nambala yake imatuluka bwino, wosalipira n'komwe nayenso invoisi yake sichulukana, koma wolipira pang'onopang'ono mosadumphitsa ndiye amasanduka wakuba wamkulu. Kompyuta sipereka chenjezo lililonse chifukwa funso lalembedwa mogwirizana ndi malamulo a chiyankhulocho.

Aphunzitsi anatiphunzitsa JOIN ndi SUM tsiku limodzi osatiuza kuti ziwirizi zikakumana zimabereka zimenezi. Loweruka lachitatu nditawafotokozera anavomera kuti anazisungira sabata yotsatira, ndipo anapepesa pamaso pa kalasi. Ndinayamikira kupepesako, koma anthu amene akuwaphunzitsa ndi ogwira ndalama zenizeni za anthu, ndipo pakati pa Loweruka ndi Loweruka pali Lolemba. Chenjezo la mphindi ziwiri likanakwana.

Atafika pofotokoza, anafotokoza bwino kwambiri, ndipo tsiku lachitatuli ndi lomwe ndinaona kuti ndalama zanga zabwerera. Anatenga invoisi ya ku Zolozolo ija n'kuijambula pa bolodi mizere itatu kuti aliyense aone ndi maso. Lamulo lake ndi loti uphatikize kaye, ulumikize pambuyo. Uyambe wafinya tebulo la malipiro ndi GROUP BY kuti invoisi iliyonse itsale ndi mzere umodzi wa zonse zomwe zalipiridwa, zimenezo uzipatse dzina pogwiritsa ntchito WITH, kenaka ndiye uzilumikize ku mainvoisi ndi LEFT JOIN. Mbali zonse zikakhala mzere umodzi pa invoisi imodzi palibe chochulukana. Kwa aja osalipira n'komwe, malipiro awo amatuluka NULL, ndipo ndalama kuchotsera NULL yankho ndi NULL, ndiye pamafunika COALESCE kuti pomwe pali NULL paikidwe 0. Popanda zimenezi angongole akuluakulu enieni amatuluka opanda nambala pambali pa dzina lawo.

Anatipatsanso chizolowezi chomwe ndimachita mpaka lero ngati kusamba m'manja: werenga mizere usanalumikize, uwerengenso utalumikiza. Mainvoisi anali 4,100. Ngati pambuyo pa LEFT JOIN mizere yakhala 6,000, china chake chaswana. Ngati pambuyo pa JOIN wamba yatsika kufika 4,050, pali mainvoisi 50 omwe nambala ya kasitomala wake kulibe ku tebulo linalo, mwina wina anataipa molakwa. Sizitenga mphindi, koma zikanandipulumutsa ku makiyi a galimoto aja.

Tsiku lomwelo mlongo wa ku famase anafunsa funso labwino lokhudza mitengo. Anali ndi tebulo la mitengo ya lero ndipo ankalilumikiza ku malonda a miyezi yam'mbuyo kuti adziwe zomwe anapeza. Aphunzitsi anamukumbutsa za November 2023, pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo n'kusintha m'mashopu monse m'masiku ochepa. Ukalumikiza malonda a October ku mitengo ya December, lipoti likuuza kuti unalemera pomwe sunalemere. Mtengo womwe wagulitsira ulembedwe pa mzere wa malondawo tsiku lomwelo, ngakhale zikuoneka ngati kubwereza. Kwa ife a shuga ndi mafuta ophikira, amene mtengo umatha kusintha kawiri pa mwezi, malangizo amenewa ndi ofunika kuposa mbiri yonse ya IBM.

Loweruka lomaliza linali la UNION, ndipo ndi lomwe linayenda moipa. Magetsi anazima cha m'ma 9:30. Malowa alibe jenereta kapena inivata, makompyuta asanu ndi atatu aja anangothima limodzi, tonse n'kuunjikana pa malaputopu atatu. Munthu wolandira K80,000 kwa anthu khumi ndi m'modzi angathe kubwereka kajenereta kwa maola anayi. Aphunzitsi anathamanga ndi batire. Anati JOIN imaika matebulo mbali ndi mbali, kuwonjezera makolamu, pomwe UNION imawasanjikiza lina pansi pa linzake, kuwonjezera mizere. Makolamu akhale ofanana kuchuluka kwake ndi dongosolo lake, mayina a makolamu amatengedwa ku funso loyamba, ndipo ORDER BY imalembedwa kamodzi kumapeto. Zonsezi n'zoona. UNION ALL anangoitchula podutsa, kuti "iliponso ina," batire n'kutha.

Kunyumba ndinasanjikiza malonda a kashi a shopu ya mu tauni ndi a ku Ekwendeni pogwiritsa ntchito UNION, ndikutenga tsiku, katundu, kuchuluka ndi mtengo. Zotsatira zinachepa poyerekeza ndi ndalama zomwe tinaika kubanki mwezi umenewo. Ulendo uno sindinathamangire kwa amalume. Ndinawerenga mizere monga anatiphunzitsira: tauni payokha, Ekwendeni payokha, ndipo zophatikiza zinali zochepera ndi mizere mazana angapo. UNION imachotsa mizere yofanana ndendende. Anthu awiri akagula bele limodzi la shuga aliyense, tsiku limodzi, mtengo umodzi, kwa UNION ameneyo ndi mzere umodzi wobwerezedwa, ndipo winayo imautaya. Pa holoselo zimenezi zimachitika kambirimbiri tsiku lililonse. Pa nkhani ya ndalama yofunika ndi UNION ALL, yomwe sichotsa kanthu, ndipo imathamanganso chifukwa siyamba yafufuza zofanana. UNION yopanda ALL ndimaigwiritsa ntchito ndikafuna mndandanda wa manambala a foni a makasitomala a mashopu onse awiri, kuti munthu asalandire uthenga kawiri. Ndinaphunziranso kuwonjezera kolamu yolembedwa 'tauni' ku funso loyamba ndi 'Ekwendeni' ku lachiwiri, kuti zikasakanikirana ndizidziwabe kuti mzere uwu wachokera kuti.

Chomaliza chomwe ndinkayembekezera chinali FULL OUTER JOIN. Makasitomala ambiri tsopano amalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo ndinkafuna kuika mndandanda wa zomwe zalowa pa foni pambali pa buku lathu la malipiro, ndione mbali zonse: zomwe zalowa koma sitinalembe, ndi zomwe talemba koma sizinalowe. Pulogalamu ya pa fulashi ya aphunzitsi inakana, inalemba kuti RIGHT and FULL OUTER JOINs are not currently supported. Ndinawatumizira chithunzi pa WhatsApp usiku, ndipo anayankha m'mawa mwake. SQLite inayamba kulola RIGHT JOIN ndi FULL OUTER JOIN pa mtundu wa 3.39.0 womwe unatuluka mu June 2022, ndiye zomwe anatikopera zinali zakale kuposa pamenepo. Fulashi yawo sanaisinthe kwa zaka. Ndinagula bandulo ndi kutsitsa yatsopano, zinatheka. Anandionetsanso njira yozungulira: LEFT JOIN kuchokera ku buku kupita ku mndandanda wa pa foni, kenaka UNION ALL ndi mizere ya pa foni yomwe ilibe mnzake m'buku. Njira imeneyi ndi yoyenera kuidziwa, chifukwa MySQL, yomwe mawebusayiti ambiri amagwiritsa ntchito, ilibe FULL OUTER JOIN, Microsoft Access nayonso ilibe.

Kuyankha pa WhatsApp kumeneku ndikuwerengere ngati gawo la zomwe ndinagula, ngakhale palibe pomwe analonjeza. Patapita masabata awiri kosi itatha aphunzitsi anabwera okha ku shopu pa kabaza, nthawi ya nkhomaliro, kudzaona funso langa la ngongole lomwe linkandivuta. Anapeza kuti wa ku Ekwendeni ankalemba nambala za invoisi ndi mpata kumapeto, ndiye sizinkagwirizana ndi zathu ngakhale m'maso zinkaoneka zofanana. TRIM, lamulo lochotsa mipata yotero, inakonza. Anakana ndalama, anangolandira nsima ya chambo pa lesitilanti ya pafupi. Amalume, amene poyamba ankati ndikukataya ndalama kwa ana, anawapatsa botolo la mafuta ophikira la malita awiri ponyamuka.

Manotsi olembedwa sapereka. Zonse ndi za pa bolodi ndi zomwe wajambula pa foni. Pa chinthu ngati SQL, pomwe kachizindikiro kamodzi ka koma (,) kakasowa funso lonse limaima, pepala limodzi la zitsanzo likanathandiza, ndipo malowa ndi a fotokope, makina ali pomwepo pakhomo. Setifiketi nayo anatiuza tsiku lomaliza kuti ndi K10,000 yapadera, zomwe pa chikalata choitanira anthu panalibe. Anthu atatu amene anabwera chifukwa cha pepalalo anakwiya, ndipo anali ndi chifukwa.

Ndani apite? Amene ali kale ndi mabuku mu Excel ndipo atopa ndi kukopera uku kumata uko: osunga ndalama m'mashopu, a masitolo a katundu, alembi a masukulu, a makopaletivi a khofi, osunga mabuku a banki m'khonde ikakula. Apite ndi laputopu yawo yodzaza batire, mafayilo awo enieni, ndi juzi. Afunse za UNION ALL ndi za kuchulukana kwa mizere tsiku lachiwiri, asadikire. Amene sanazolowere kiyibodi ayambe kaye kosi ina, chifukwa anzathu awiri otero anatsalira tsiku loyamba lomwelo ndipo aphunzitsi analibe mpata wowabwerera. Amene akufuna ntchito ya mapulogalamu adziwe kuti maola amenewa ndi khomo chabe, za kupanga database ya anthu ambiri pa seva sitinazikhudze n'komwe. Pa nyenyezi zisanu ndipereka zitatu ndi theka: aphunzitsi okha akanatenga zinayi ndi theka, chipinda ndi kayendetsedwe zikuwabweza.

Masiku ano Lolemba m'mawa ndimatsegula fayilo imodzi, ndimalowetsa malipiro a sabata, ndimadina batani, pepala la angongole limatuluka amalume asanamalize tiyi. Limakhala ndi nambala, dzina, dera, zomwe anatenga, zomwe alipira ndi zotsala, wamkulu pamwamba. Bambo a ku Zolozolo aja sakudziwa mpaka lero kuti galimoto inatsala pang'ono kuwapeza. Wa ku Karonga uja tinamupeza kudzera kwa mlamu wake, walipirako invoisi imodzi, inayo akuti akagulitsa mpunga. Setifiketi ndinalipira mu July, ndapitako kawiri, akuti wosaina ali ku Lilongwe.